Nkhope ya Leah pa Sikirini Yobwereka

Nkhope ya Leah itatuluka pa sikirini, inali yobiriwira.

Kondwani anagwedeza chingwe. Laputopu yakale imene anabwera nayo atasiya koleji inali yosweka galasi, ndiye anabwereka sikirini kwa woonetsa vidiyo wa ku Kachulu. Koma kachitsulo kamodzi kumutu kwa chingwe kanali kothyoka, mtundu wofiira sunkafika.

Ichi chinali chithunzi chokhacho cha mlongo wakeyo. Bwato limene Leah anakwera popita ku chilumba cha Chisi linapezeka, iye sanapezeke.

"Wadwala kodi mwana wanga?" anafunsa amayi ake ali pamphasa.

"Ndi chingwe, amayi."

"Nanga maso ali kuti?"

"Kompyutayi yakalamba."

Anagwedezanso. Nkhope inatambasuka, nkuyamba kunjenjemera ngati ili pansi pa madzi. Kondwani anangoyang'ana, osamva kanthu.

Amayi anasendera pafupi. Ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu, nayamba kupukuta galasilo pang'onopang'ono, pamphumi, kenako m'masaya, monga asambitsira maliro.

"Sizingachoke zimenezo, amayi."

"Ndikudziwa," anatero osatembenuka. "Gwira bwino chingwecho, asazime ndisanamalize."