Chithunzi cha Ndaziona ndi Nyani wa ku Nairobi

Panali munthu wina wa ku Dedza, dzina lake Sylvester, amene ankayendetsa galimoto ya bungwe lina ku Gigiri mumzinda wa Nairobi, zaka zija makamera akadali a filimu. Nkhaniyi ndi yoona. Mmalawi aliyense amene anapondako ku Kenya amaidziwa, ndipo wokana ndiye wabodza.

Sylvester ankafuna chinthu chimodzi basi: kumudzi adziwe kuti zake zinayenda. Ankatumiza zithunzi atatsamira magalimoto a abwana, koma mlamu wake Spencer ankangoseka, amvekere galimoto ngakhale wamisala atha kutsamira. Ndiye anaganiza zotumiza chithunzi chotseka pakamwa: mwana wake akudyetsa nyani pamanja.

Loweruka lina anatenga mkazi wake Benedicta ndi mwana wawo Ndaziona, amene anali atangoyamba sukulu, nakwera minibasi, zija kumeneko amati matatu, kuchokera kumene ankakhala ku Kitengela kupita kumalo osungirako nyama. Anthu tsiku limenelo anachuluka moti nyerere yofuna kudutsa inkachita kupempha njira. M'thumba la jekete ya Sylvester munali mtedza wokazinga wochokera kumudzi.

Pageti mlonda anawauza m'Chiswahili, nabwereza m'Chingerezi, kuti nyama asazipatse chakudya ndipo mwana asadutse chitsulo cha kutsogolo kwa khola. Sylvester anagwedeza mutu. Atangopitirira anauza mkazi wake kuti mlondayo anyani anawadziwira m'khola, pamene iye anakula akuwathamangitsa m'munda. Anati nyani amaderera mkazi, koma akaona buluku la mwamuna amathawa mpaka kuseri kwa phiri, n'chifukwa chake amayi ake popita kukalondera chimanga ankabwereka buluku.

"Bambo a Ndaziona, awa si anyani a kwathu," anatero Benedicta. "Awa mabuluku amawaona tsiku ndi tsiku, ndi a azungu omwe."

"Inu gwirani chikwamacho, za anyani mundisiyire."

Nyani amene anamupeza m'kholamo anali chinyani, msinkhu ngati mwana wa ng'ombe, mano ngati zikwanje. Sylvester anayang'ana uku ndi uku, nanyamula mwana kumudutsitsa chitsulo chija, namuthira mtedza m'dzanja. Mwana anati akuopa. Bambo anamuuza kuti atambasule dzanja pawaya, amwetulire, adadi ali pompano. Kenako anabwerera m'mbuyo kuti mwana ndi nyani akwane m'kamera. Sanakwane. Anabwereranso. Buluku lija ankalidalira linali litapita kutali.

Kamera itangoti tcha, nyani anasiya mtedza n'kugwira dzanja. Kulira kwa mwana kunamveka mpaka ku Eastleigh, mbali ina ya mzindawo, okankha ngolo anaima m'misewu. Amene analumpha chitsulo ndi Benedicta, atavala chitenje, akumenya nyani ndi chikwama uku akukoka mwana. Mwini buluku anangoti chilili, kamera ili kumaso. Mlonda uja anafika ndi ndodo zinthu zitaipa kale. Kuchipatala dzanja analipulumutsa, koma zala ziwiri za kumanja zinatsala m'khola.

Benedicta sanalalate, sanatukwane. Mwana atachira, mayiyo anatenga filimu ija n'kukaitsukitsa yekha. Chithunzi chinatuluka bwino kuposa zonse zimene Sylvester anajambulapo: Ndaziona akuyesa kumwetulira misozi ili m'maso, chikhatho cha nyani chitatuluka kale pawaya. Benedicta anachiika m'chikwama, natenga mwana, nakwera basi ya kumudzi.

Pa Khirisimasi Sylvester anatsatira kuti akapepese. Akuchikazi anamukhazika pakhonde. Mudzi wonse unali utachiona kale chithunzicho, ndi midzi yoyandikana nayo yomwe. Spencer anachitulutsa n'kuchiika pamwendo pa mlamu wake.

"Mumafuna tione kuti zanu zinayenda, alamu. Taona. Tingofunsa chimodzi: pachithunzipa inuyo muli pati?"

Sylvester anabwerera yekha ku Nairobi. Ndaziona anakulira kwa amalume ake, naphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere. Dzanja limenelo silinawalemberepo bambo ake ngakhale moni.

Phunziro: Zimene unadziwa kumunda kwanu si zimene zili kwa eni. Woyang'anira malo akakuletsa, mvera, ndipo usaike mwana pangozi pofuna kuti anthu akutame, chifukwa okutamawo ndi omwe adzakufunse kuti unali kuti. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa bambo aliyense amene mkazi wake akalankhula amangoti "zisiyireni ine".