Khanda la Yosefe

Lole ya mpingo itafika pa mlatho wa Lilongwe, Marcelina anamuona mwamuna wake. Ackson anali pamwamba, atamata ndevu za thonje, akusewera Yosefe pa chionetsero cha Khirisimasi. Pambali pake panakhala Mariya, mtsikana wa ku Area 3, atafukata chidole.

Ofesi yake itasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, Ackson anauza Marcelina kuti akapeza nyumba adzamutenga. Nyumbayo anaipeza, koma analowetsamo mtsikanayu.

Amayi a Mvano ankaimba, lole ikukwawa m'matope. Marcelina anamasula mbereko, nanyamula khanda lake Lemson m'manja n'kudutsa pakati pa oimba ng'oma.

"Mayi, bwererani kumbuyo!" anakalipa mkulu wa mpingo.

"Pepani abambo, chidole n'chachiyani pomwe Yosefe ali ndi mwana wakewake?"

Anakweza khandalo n'kuliika m'manja mwa Ackson. Nyimbo inadukira pakati. Khandalo linagwira ndevu zija n'kuzizula.

"A Ackson, mayi amenewa ndi ndani?" anafunsa Mariya, chidole chili pansi.

Marcelina anapinda mbereko yake mosafulumira.

"Ayankheni, bambo a Lemson. Mukweze mawu, mpingo wonse umve."