Chiphaso cha ku Lichinga

Asiyatu anapeza bambo ake, a Jafali, akusonkhezera moto m'balani ya fodya pafamu ina ku Banket, m'dziko la Zimbabwe. Anali ndi fomu m'manja mwake.

"Ababa, shehe akuti bungwe la mayiko a Chisilamu likhoza kundilipirira maphunziro a udokotala ku Malaysia. Koma akutenga ana ochokera m'mayiko a m'bungwemo okha. Zimbabwe mulibemo, Mozambiki ilimo. Chiphaso chanu chobadwira ku Lichinga chija chili kuti? Akutseka Lachisanu."

A Jafali sanatembenuke. Anangoyang'ana dwii m'ng'anjomo, momwe anaponya chiphasocho ndi dzanja lawo lomwe, poopa kudziwika kuti ndi obwera, chaka chija anthu ochokera kunja ankathamangitsidwa m'mafamu.

"Lachisanu liti, mwanangu?"

"Lomwe lino."

Chikuni chinayamba kuwatentha zala, koma sanachitaye.