Mkono umene Morton anathyola

Panali munthu wina pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi kwa Khwethemule ku Thyolo, dzina lake Morton. Anali kapitawo wa mapampu, munthu wa mtima wapachala, woti ukamutsutsa pagulu amaona ngati wamuvula.

Mu Okutobala 2002 kunatentha koopsa, ndipo paipi yotulutsa madzi pansi pa damu la esitetiyo inatsekeka ndi chitsa. Mbande za tiyi ku nazale zinayamba kufota. Manijala anati aitane akatswiri olowa pansi pa madzi ochokera ku Mangochi, koma Morton anadziguguda pachifuwa.

"Musavutike bwana. Mng'ono wanga Phillip ndi nsomba. Tichotsa tokha."

Tsono tamvani zida zake. Mpweya woti Phillip azipuma unkachokera mu kompuresa yopopera matayala a thirakitala. Paipi yopumira inali ija amapopera mankhwala ophera udzu m'mizere ya tiyi, anangoitsukuluza kamodzi. Kuti amire msanga, anamumangirira chitsulo cha giya m'chiuno ndi mfundo yosamasuka.

Phillip akuvula malaya, anatulukira a Yesaya, mlonda wa padamupo. Bambowa anagwirapo ntchito yolowa pansi pa sitima ku doko la Beira zaka khumi ndi ziwiri, ndipo aliyense ankadziwa zimenezi. Ananunkhiza paipi ija n'kulavula.

"Akapitawo, mukufuna kupha mwana wa amayi anu? Paipi iyi ndi ya poizoni. Ndiponso taonani, utsi wa injini ya kompuresayi ukulowa mu kompuresa momwemo, ndiye wapansiyo azipuma chiyani? Nanga chitsulochi achimasula bwanji zikavuta?"

"Madala, ntchito yanu ndi kuthamangitsa akuba nkhuni," anatero Morton. "Tachokani apa."

"Sindichoka. Phillip mwanawe, vala malaya uzipita kwa mkazi wako."

Phillip anayang'ana mkulu wake. "Achimwene, bwanji tiwamvere?"

"Iwenso wayamba mantha? Anthu onsewa akutionera!"

A Yesaya anazimitsa injini, n'kukulunga paipi ija pamkono wawo wamanja. Othyola tiyi amene anaima pamtunda anayamba kuseka, ndipo kusekako n'kumene kunamupengetsa Morton. Anatola sipanala yaikulu yomangira mapampu n'kumenya pamkono pomwepo. Fupa linamveka kuthyoka. Nkhalambayo itagwa, anaiponda kukamwa ndi jombo mpaka mano awiri anatsalira pa simenti, kenako anaikoka pakolala n'kukaiponya pa udzu. Kuseka kunathera pomwepo, koma woleretsa sanapezeke. Zamanyazi ndithu, anthu akuluakulu onse aja.

Morton anatola paipi ija n'kulizanso injini. Phillip analuma paipi n'kumira.

Anali atagwirizana kuti zikavuta Phillip akoke katatu chingwe chimene anamumanga nacho m'chiuno. Patapita mphindi zisanu chingwe chinagwedezeka kamodzi, mofooka, basi. Morton anakoka, sichinasunthe. Anakoka amuna anayi, chinakana, pakuti chitsulo chija chinali chitakodwa m'mizu ya chitsa. Apa pankafunika munthu wodziwa, atsike ndi mpeni akadule mfundo ija. Pagulu lonselo wodziwa anali mmodzi yekha.

Morton anathamangira pa udzu paja n'kugwada, misozi ili chuchuchu.

"Abambo, ndakulakwirani. Chonde lowani mumutulutse, ndi mng'ono wanga yekhayo!"

A Yesaya anadzuka movutika, magazi akuyenderera pachibwano. Anadzikoka mpaka m'mphepete mwa madzi. Wina anawapatsa mpeni, koma unangogwa, poti mkono unali lende ngati tsamba la nthochi lothyoka. Nkhalambayo inalira.

"Ndikanalowa, akapitawo. Koma ndisambira ndi mkono uti?"

Mtembo wa Phillip unavuulidwa tsiku lachitatu ndi akatswiri a ku Mangochi omwe aja. Morton sanaponye ndi dothi lomwe m'manda a mng'ono wake, anali ali m'manja mwa apolisi.

Phunziro: Wodziwa ntchito akakuuza kuti chida ichi chipha munthu, sakukunyoza ayi, akukuteteza. Paja samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mkono wokuletsa lero ndi womwewo ungadzakuvuulire m'bale wako mawa, tsono usauthyole. Musaisunge nokha nkhaniyi, tumizirani anzanu onse ogwira ntchito m'madamu ndi m'zitsime, makamaka akapitawo osamva.