Khirisimasi ya Mango Ophika

Kodi ndi matenda anji amene amaletsa munthu nsima, mpunga, buledi, nyemba ndi shuga, koma n'kumulola nsomba ndi mango? Talotani, pamene tikulowa pakhomo pa a Blasius, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, tsiku la Khirisimasi m'chaka cha 1978.

A Blasius anakhala pakhonde, atakwinya nkhope, akuyang'ana mbale ya mango ophika. Pambali panali mlamba wowamba ndi bonongwe wopanda nsinjiro. Linali tsiku lachisanu ndi chiwiri akudya zomwezi.

Zinayamba pamene anadwala mutu ndi kunjenjemera. Mkazi wawo, Martina, anawatengera kuchipatala, khadi la chipani lili m'mpango. Iwo anagona pabenchi osazindikira kanthu, ndipo Martina ndiye analandira mapiritsi ndi kapepala kwa mnyamata amene anawapima. Kapepalako kanali m'Chingelezi. A Blasius anathawa sukulu ali aang'ono, koma Martina anaphunzira kwa masisitere mpaka Sitandade 8.

"Akuti thupi lanu latopa ndi zogaya," anawerenga Martina atafika kunyumba. "Muzidya ngati anthu akalekale, asanadziwe khasu ndi mtondo. Nsomba, nyama, masamba, zipatso. Milungu itatu. Mukalawa mbamu imodzi yokha, Januwale simumuona."

A Blasius ankaopa imfa. Koma chimene chinawawawa kwambiri chinali kuganiza kuti ena azikhuta iwo akutafuna masamba. Anayang'ana mkazi wawo ndipo anaona ngati pakamwa pake pakufuna kumwetulira.

"Mukuseka m'mtima, amake Sofia. Ndakuonani. Ngati ine ndasanduka mbuzi, tonse muno tikhala mbuzi."

Shuga anakamutaya okha kudzala. Ufa anautsekera m'bokosi limene anabwera nalo ku Joni, kiyi n'kumangirira m'chiuno. Kenaka analoza thumba la mpunga wa faya umene banjalo linasunga kuti lidye pa Khirisimasi.

"Lichoke. Fungo lake lokha likundipha."

Martina anagwada, n'kuyankha kuti wamva. Anasenza thumbalo kupita nalo kwa a Habiba, anansi awo, amene ankawamba nsomba zogulitsa.

Anthu a m'mudzimo anagwira pakamwa. Onse ankakumbukira Khirisimasi ya chaka chatha, pamene a Blasius anamanga thumba ngati lomwelo panjinga n'kupita nalo ku Balaka, kwa mayi wina wogulitsa tiyi pafupi ndi siteshoni ya sitima. Anakhala kumeneko milungu itatu. Martina ndi mwana wake Sofia anapulumukira mango ophika, bonongwe ndi tinsomba timene a Habiba ankawapatsa. Mwamunayo atabwerako, Martina anangomutenthetsera madzi osamba. Tsopano mkazi yemweyo anali kugonanso ndi njala chifukwa cha mwamuna yemweyo. Amayi a ku mpingo ankati mtima wotero ndi wosowa.

A Blasius sanalekere pomwepo. Masana aliwonse Martina ndi Sofia ankapita kukathandiza a Habiba kuwamba nsomba, ndipo akabwerako ankawaimika pakhomo n'kuwanunkhiza manja. Manjawo ankanunkha utsi ndi mlamba basi. Apo mtima wawo unkakhala pansi. Lamba wawo anali ataboola kale mabowo awiri atsopano, koma masaya a Sofia anali kunyezimirabe.

"Akazi mango amakuyanjani," anatero mokwiya. "Dikirani. Sabata yamawa mudzalira."

M'mawa wa Khirisimasi a Swaibu, amuna a Habiba, anabwera kudzazinga mbuzi monga mwa chaka ndi chaka, kuti Asilamu ndi Akhirisitu adyere pamodzi. Ataona mbale zikutuluka popanda mpunga, anapukusa mutu.

"Achimwene, nyama yokhayokha ngati fisi? Lawaniko kansima pang'ono, lero n'chikondwerero."

"Iyayi. Mukufuna mundiike m'manda mawa?" anatero a Blasius. "Koma kamnyamata kakuchipatalako kadzandiona ndikachira. Kanalemba zimenezi kali kokhuta."

Alendo anadya mwaulemu n'kubalalika msanga. Kwa anansi wailesi inali kuimba nyimbo za Khirisimasi, ndipo fungo la buledi ndi tiyi wamkaka linkabwera ndi mphepo. Sofia anameza malovu mokweza. Bambo ake anamva, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo anamwetulira.

"Ukumva kuwawa eti? Ndi mmene ndikumvera ine."

Anatafuna bango limodzi, n'kulavula ulusi wake. Anaitana mkazi wawo.

"Amake Sofia, kodi kwatsala masiku angati?"

Martina anapukuta manja, natulutsa kapepala kaja m'buku lake la mapemphero. Anakatambasula bwinobwino, nakayang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyenda.

"Milungu iwiri, bambo. Akuti tisachotsepo ngakhale tsiku limodzi."

"Ndipo inu nonse mupirira nane mpaka tsiku lomaliza."

"Ife tinazolowera, bambo. Si koyamba."

Anabwezera kapepalako m'buku, nagwira Sofia padzanja, nanyamuka kupita kukawamba nsomba, akung'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi.

Kuseri kwa nyumba ya a Habiba mpunga wa faya unali utapsa kale, monga masana onse, ndipo madzi onunkha utsi, osamba m'manja pobisa fungo la mpungawo, anali pomwepo. Nanga matenda aja? Pa kapepalako panalembedwa mzere umodzi wokha: malungo, kolorokwini, masiku atatu.