Zikhadabo za Mkazi wa Kalipentala

"Mukumwetulira chiyani, bambo a mwana?" anafunsa mkazi wa kalipentala, mtsikana wamafizo atangotuluka kukatenga thaulo.

Chigwereni padenga, mwamuna wakeyo sankamva kanthu kuyambira m'chiuno mpaka kuzala zakumapazi. Adokotala anati fupa la msana linafinya mtsempha waukulu wopititsa uthenga kumiyendo, koma sunadukiretu. N'chifukwa chake mkazi wake ankabwera naye kuchipatala, komwe mtsikanayo ankamupinda mawondo n'kumamusisita ntchafu, mkaziyo akuonerera mtima ukuwira.

"Amake mwana, manja akewo sindiwamva n'komwe. Akusisita chipika."

"Chipika chimaseka chonchi? Nanga ndikamakusambitsani ine, bwanji mumangoti ndwii?"

Kalipentala anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunamuwonjezera moto mayiyo. Anapisa dzanja pansi pa chofunda n'kumutsina pantchafu ndi zikhadabo zonse.

"Mayo!" anakuwa kalipentala.

Onse awiri anayang'ana pamwendopo. Mayiyo misozi inalengeza, ndipo anatambasula manja kuti amukumbatire mwamuna wake. Koma kalipentala anali atatembenukira kale kukhomo, nkhope ili ngwee.

"Asisi amafizo, tabwerani msanga. Mwendo wayamba kumva. Manja anu aja agwira ntchito."