Kanyimbi pa Maliro a Mwana wa Mkango

Padangotero, atamwalira Nachuma, mwana wamkazi wa mfumu Mkango, nyama zonse zidasonkhana pasiwa. Kanyimbi adakhala payekha kutali chifukwa cha fungo lake.

Posakhalitsa mkangano udabuka: ndani anene mbiri ya malemu?

"Ndine," adatero Khwangwala. "Ndinkamulondola kulikonse. Ndikudziwa dziwe limene ankamwako, amuna amene adamufunsira, ngakhale tsiku limene adalira banja litatha."

Kanyimbi mtima udamuwawa, pakuti ankadziwa kuti Nachuma adagonapo ndi ludzu kangapo pothawa maso a Khwangwala yemweyu. Adaimirira nayamba kulankhula.

"Pepani akuluakulu, ine sindidziwa zambiri. Chaka chimene ndidakodwa mumsampha, bala langa lidanunkha kuposa mwini wake, ndipo onse ankandilambalala. Malemuwa adabwera dzuwa likuswa mtengo, nagona pambali panga, nanyambita balalo aliyense akuona."

"Ndidalipo," adatero Khwangwala. "Ndine ndidafalitsa nkhaniyo."

"Zoona, mudalipo. Mudali mumtengo."

Kenaka Mkango wokalambayo adadzuka pamalo ake aulemu, nadutsa khamu lonse pang'onopang'ono, nakakhala pafupi ndi Kanyimbi.

"Tandiuza, mwanawe. Adanena chiyani mwana wanga tsiku limenelo?"

"Adati ndikachira ndikayeseko kusamba, mfumu."

Mkango adaseka, misozi ikutsika m'ndevu. Nyama zina nazo zidayamba kusendera imodziimodzi, zina zitatsina mphuno, koma zidasenderabe. Khwangwala ndiye adatera pansi pomalizira.

Yanga yathera pomwepa.